Ankhoswe ndi Deresi Loyera

Kuno ku Chiringa, chimanga chikalowa m'nkhokwe, timamva maina a ofuna kukwatirana alikulengezedwa m'tchalitchi. Koma tidziwa kuti alipo ena ambiri amene akhala m'nyumba imodzi zaka zingapo osadza kwa mbusa, ndipo tikawafunsa ayankha kuti ndalama za deresi loyera, mphete ndi keke sizinakwanire. Mau amenewa atiutsa mtima kuti tifufuze miyambo ya ukwati, tione yakale ndi iti, ndi ya dzulodzulo ndi iti.

Tiyambe ndi kwathu. Amang'anja amene anakhala m'chigwa cha Phalombe kuyambira kale, ndi Alomwe amene anaoloka malire ambirimbiri kuchokera ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1890, onsewa amawerenga pfuko kuchikazi. Mnyamata anamuka kwao kwa mkazi, namanga nyumba, nalima m'munda wa apongozi ache. Ndicho chikamwini, ndipo ana anali a mbumba ya mkazi, oyang'aniridwa ndi atsibweni ao. Anyamata ena ophunzira amachita nacho manyazi, naiwala kuti Yakobo yemwe anagwirira Labani nchito zaka 14 chifukwa cha Rakele. Angoni a ku Mzimba apereka ng'ombe za lobola, natenga mkazi kumka naye kwao. Ku India ndi makolo a mkazi amene amapereka chuma kwa mwamuna, ndipo mwambowo unasautsa anthu kufikira Boma linauletsa mu 1961, ngakhale sunathe konse.

Komatu chimene chinamanga ukwati pakati pathu sichinali chuma ai, koma ankhoswe. Mnyamata sanayankhula yekha. Anatuma mbale wache kwa mwini mbumba, ndipo mbali zonse ziwiri zitabvomerezana, zinaika anthu oimirira ukwatiwo. Pa chinkhoswe, monga tichitabe lero, a kuchimuna apereka tambala, a kuchikazi msoti, ndipo ankhoswe adyera pamodzi nkhuku pamaso pa mudzi. Kuyambira tsiku limenelo alibe kothawira. Mwana akadwala usiku, auzidwa ndi iwo. Pakabuka ndeu m'nyumba, akhala pa mphasa ndi iwo. Pakagwa maliro, ayamba kumva ndi iwo. Ndipo mfumu sinamva mlandu wa banja isanafunse kuti ankhoswe ali kuti.

Tsono taonani za ku Ulaya. Zaka mazana ambiri, mwamuna ndi mkazi akangolonjezana okha, ngakhale popanda mboni, Eklesia anauyesa ukwati weniweni. Zotuluka zache zinali zachisoni, pakuti amuna ena anakana mau ao, ndipo akazi anasowa wowachitira umboni. Chifukwa chache msonkhano wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti Akatolika akwatirane pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri. Ku England lamulo lotere linadza mu 1753, nalamulanso kuti osafika zaka 21 abvomerezedwe ndi makolo. Achinyamata osafuna kumvera anathawira ku Gretna Green, mudzi wa m'malire a Scotland, kumene ngakhale wosula zitsulo anawakwatitsa, kufikira 1940. Tiyesa kuti Azungu anafunafuna ndi malamulo chinthu chimene makolo athu anali nacho kale. Ndiponso mboni yao ilemba dzina m'buku nichoka, pamene nkhoswe akhalabe pa nchito yache kufikira imfa.

Nanga deresi loyera? Akwatibwi ambiri a ku England kale anangobvala chobvala chao chokoma koposa, cha mtundu uli wonse. Mwambo wa zoyera unafala Mfumukazi Victoria atakwatiwa ndi Albert mu 1840, zaka 36 zokha Mishoni ya Blantyre isanakhazikidwe mu 1876. Sitilinyoza, pakuti likondweretsa maso, ndipo amai aliimbira nthungululu. Tingoti nlaling'ono msinkhu poliyerekeza ndi unkhoswe, ndipo sitipeza lamulo la Mulungu kapena la Boma lolifuna.

Boma la Atsamunda linavutika poyanjanitsa njira ziwirizi. Lamulo la 1902 linatsata ukwati wa Chizungu, koma la 1923 linalola kuti Akristu adalitsidwe m'tchalitchi, nalembedwe m'buku, ukwati wao ukhalabe pansi pa mwambo wa kwao. Malamulo onse awiri anafafanizidwa mu 2015, pamene Nyumba ya Malamulo inaika lamulo limodzi lozindikira ukwati wa kwa Boma, wa ku mpingo ndi wa kwa ankhoswe.

Pamodzi pokha lamulolo linadzudzula makolo athu, ndipo tiyesa kuti linakhoza. Kale mtsikana akangotuluka ku chinamwali, ankhoswe anali okonzeka kumpereka, ngakhale ali mwana. Lamulo la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 anakonzanso Malamulo Akulu a dziko kuti chilolezo cha makolo chisatsegulenso khomo limenelo. Lero ukwati wa mtsikana wa zaka 15 suloledwa, ngakhale ankhoswe a mbali zonse atadya nkhuku.