Dongo lonyezimira: kuchokera ku Athens kudzafika m'manja mwa Magdalene Odundo

Phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79 AD, phulusa lake linakwirira mzinda wa Pompeii pamodzi ndi bokosi lina la katundu lomwe mwini wake anali asanamasule. Ofukula zakale atalitsegula anapezamo mbale 90 zofiira ndi nyale zadothi 37. Mbalezo zinaumbidwa kutali, kummwera kwa dziko lomwe lero ndi France, ndipo zambiri za mtundu umenewu zikunyezimirabe m'nyumba zosungiramo zakale mpaka lero. Woziona angaganize kuti zinapakidwa vanishi kapena galasi losungunula limene limakuta makapu a tiyi a masiku ano. Palibe chilichonse mwa zimenezi. Chonyezimiracho ndi dongo lomwelo, kungoti linasefedwa ndi madzi mpaka kutsala losalala lokhalokha. Oumba a lero amalitcha terra sigillata.

Kakonzedwe kake sikanasinthe kwenikweni. Woumba amaphwanya dongo louma n'kulisungunula m'madzi ambiri mpaka likhale lopyapyala ngati mkaka. Amathiramo pang'ono chinthu choletsa timibulu ta dongo kumatirirana. Lero ambiri amathira sodium silicate, pomwe akatswiri amaganiza kuti akale ankathira chidulo cha phulusa la nkhuni. Akatero amachisiya chidebecho chikhale phee usiku wonse kapena kupitirirapo. Mchenga ndiwo umayamba kumira, dongo lokhakhala n'kutsatira, pamwamba n'kutsala madzi a matope momwe muli timibulu tochepetsetsa tosaoneka ndi maso. Madzi apamwambawo ndiwo amawatsanulira padera mosamala, zotsalazo n'kutaya. Timibuluti n'taphwatalala, choncho tikapakidwa pa mbiya youma timagona mosanjikizana, tonse chogona mbali imodzi. Kungopukutapo ndi kansalu kofewa, mbiya imayamba kuwala isanaone n'komwe moto.

Amene anafika nalo patali lusoli ndi oumba a ku Athens. Mitsuko yawo yotchuka ija, ya zithunzi zakuda pa dothi lofiira, ndiponso ya zithunzi zofiira pa dothi lakuda yomwe inayamba cha m'ma 530 BC, inalibe utoto wakuda ngakhale dontho. Wojambula ngati Exekias ankajambula ndi madzi a dongo pa mtsuko wa dongo, mitundu iwiriyo isakusiyana kwenikweni, ndipo chithunzi chenicheni chinkatulukira mu uvuni. Moto ankauyendetsa magawo atatu. Poyamba ankatsegula mazenera a uvuni kuti mpweya ulowe, kutentha kufike madigiri pafupifupi 800, mtsuko wonse n'kufiira. Kenaka ankatseka mazenerawo n'kuponyamo nkhuni zaziwisi. Utsi unkadzaza, kutentha n'kukwera kufika pafupifupi 950, ndipo chitsulo cha m'dongo, posowa mpweya, chinkada. Mtsuko wonse unkakhala bii. Pamenepa m'pamene panali chinsinsi: dongo losefedwa lija linkagwirana n'kutseka timabowo take tonse, pomwe dongo wamba linkakhalabe lopuma. Akatsegulanso mazenera, mpweya unkalowa m'malo osapakidwawo n'kuwabwezera kufiira kwawo, koma pamene wojambula anadutsitsa bulashi sunkatha kulowapo, ndipo pankakhalabe pakuda. Zonsezi ankazichita opanda chida choyezera kutentha, akusuzumira pakabowo kuona mtundu wa lawi. Moto ukalakwika, ngwazi yojambulidwa pa mtsuko inkatuluka yamawangamawanga, ndipo mitsuko yolakwika chonchi ilipo yambiri m'mamyuziyamu.

Aroma sanavutike ndi zakudazo. Iwo ankafuna zofiira, ndiponso zochuluka. Cha m'ma 30 BC, mzinda wa Arretium, womwe lero ndi Arezzo ku Italy, unayamba kutulutsa mbale ndi makapu zoumbidwa m'zikombole, zokhala ndi zithunzi zotundumuka za milungu, ovina ndi masamba a mphesa. Eni malo oumbirako, monga Marcus Perennius, ankadinda mayina awo pa katunduyo, nthawi zina pamodzi ndi dzina la kapolo amene anagwira ntchitoyo. Pambuyo pake chidindocho chinkakhala mkati mwa kachithunzi ka phazi la munthu. Mapale a ku Arezzo anapezeka mpaka ku Arikamedu, m'mphepete mwa nyanja kummawa kwa India, pomwe Mortimer Wheeler anafukula mu 1945.

Posakhalitsa msika unasamukira ku Gaul. Pa La Graufesenque, pafupi ndi tauni ya Millau, uvuni umodzi unkatha kumeza ziwiya zikwi makumi angapo paulendo umodzi. Tikudziwa zimenezi chifukwa oumba osiyanasiyana ankasonkherana uvuni, ndipo pofuna kupewa mikangano wina ankalemba pa mbale yaiwisi dzina la aliyense, mtundu wa ziwiya zake ndi chiwerengero chake, m'Chilatini chosakanikirana ndi chinenero cha Agaul, mbaleyo n'kuiwotchera limodzi ndi zinzake. Malisiti adothi amenewa akadalipo. Pambuyo pa La Graufesenque panabwera Lezoux, kenaka Rheinzabern ku Germany, ndipo amene anakhalitsa pamsika kuposa onse anali oumba a kumpoto kwa Africa, makamaka dera la Tunisia, omwe mbale zawo zofiira zinkagulitsidwa kuzungulira nyanja ya Mediterranean mpaka m'zaka za m'ma 600 AD. Zitatha apo, ziwiya zokutidwa ndi galasi losungunula zinalanda malo, ndipo ku Ulaya lusoli linaiwalika.

Linaiwalikadi, moti pa 13 June 1769, Josiah Wedgwood atatsegula fakitale yake ya zoumba ku Staffordshire, ku England, anaitcha Etruria poganiza, monga ambiri a nthawi yake, kuti mitsuko ya Agiriki ija inali ya anthu akale a ku Italy otchedwa Etruscan. Mitsuko yomwe anaumba tsiku limenelo inali ya dongo lakuda kale, zithunzi zofiira n'kuchita kuzipenta pamwamba. Inali yokongola ndithu, koma njira yake inali yosemphana ndi ya ku Athens. Zinatengera katswiri wa kemisitiri wa ku Germany, Theodor Schumann, kusonyeza mu 1942 kuti chakuda chija chinali dongo losefedwa lowotchedwa magawo atatu.

Mabuku ambiri amaifotokoza nkhaniyi ngati ya chuma chomwe chinatayika n'kudzatoledwa ndi asayansi. Izi n'zoona ku Ulaya kokha. M'madera ena ambiri, amayi oumba sanasiye kupaka mbiya dothi losalala, kuzikulungiza ndi mwala, n'kuzidetsa ndi utsi. Si njira imodzimodzi ndendende ndi ya Agiriki, pakuti kuwala kwake kumachokera kwambiri ku mwalawo kusiyana ndi uvuni, koma nzeru yake ndi yomweyo, ndipo aliyense amene anaonapo nkhulungo ikuyenda pa mtsuko kumudzi kwathu kuno akuidziwa. Ku San Ildefonso Pueblo, m'boma la New Mexico ku America, Maria Martinez ndi mwamuna wake Julian ankapaka mbiya dothi lofiira, kuzikulungiza, ndipo moto ukafika pachimake ankaukwirira ndi ndowe zouma kuti utsi ulowerere. Cha m'ma 1919 anapeza njira yojambulira chakuda chosawala pamwamba pa chakuda chowala, ndipo mbiya zawo zinachoka pa moto wophikira n'kukalowa m'mashelefu a ogula zaluso.

Misewu iwiriyi inakumana mwa Magdalene Odundo. Anabadwira ku Nairobi mu 1950, anapita ku England mu 1971 kukaphunzira zojambula zamalonda, koma dongo linamukopa ndipo anakaphunzira kuumba ku Farnham, kenaka ku Royal College of Art komwe anatsiriza mu 1982. Mu 1974 anapita ku Nigeria, ku sukulu ya zoumba yomwe Michael Cardew anakhazikitsa ku Abuja wakale, yemwe lero ndi Suleja. Kumeneko anaphunzira kwa amayi achi Gbari, mmodzi mwa iwo Ladi Kwali, amene chithunzi chake chili pa ndalama ya 20 naira. Anaphunzira kukweza khoma la mbiya ndi manja, woumbayo akuizungulira mbiya m'malo moizunguza pa gudumu. Patapita zaka ziwiri anakaona oumba a ku San Ildefonso.

Chimene amapanga lero chili ndi kamwa, khosi ndi mimba ya mtsuko, koma simutungidwa madzi. Khosi limapendekera mbali imodzi, kamwa limatambasuka mopyola muyeso, pamsana pamatuluka timabundu tondondozana, ndipo woyang'ana amaona mayi woyembekezera, wovina, kapena mutu womangidwa tsitsi. Chikalimba pang'ono amachikulungiza ndi miyala ndi zida zina zosalala, amachipaka terra sigillata, n'kuchikulungizanso. Moto woyamba, wa mpweya wokwanira, umachipatsa kufiira kolowera ku lalanje. Akafuna chakuda amachitsekera m'chiwiya china pamodzi ndi tizipalo ta matabwa n'kuchiwotchanso, nthawi zina kangapo, ndipo utsi umasiya mitambo yakuda ndi yofiira yomwe iye mwini sangailamulire kwathunthu. Chimodzi chimamutengera milungu kapena miyezi, n'chifukwa chake pachaka amatulutsa zowerengeka.

Kuti lusoli lidzathere m'manja mwa oumba ziboliboli ndi zokongoletsa, monga Pierre Bayle wa ku France ndi Duncan Ross wa ku England, chifukwa chake chili m'chilema chake chomwe. Moto ukapitirira kwambiri kuwala kuja kumafa, choncho chiwiya chiyenera kupsa pa moto wocheperapo, ndipo chikatero chimakhalabe chomwa madzi, chosachedwa kukalika. Pa mbale yodyera, galasi losungunula linapambana kalekale ndipo n'zomveka. Koma galasilo ndi chovala: limadzaza mizere, limabisa m'mphepete, limawala mothobwa m'maso. Dongo losefedwa n'lopyapyala koti silibisa kanthu, moti pamene chala chinalakwitsa pamaonekera, ndipo kuwala kwake kumakhala ngati kukuchokera mkati. Woumba thupi la munthu amafuna khungu lotere.

Msika nawo unavomereza. Zoumba za Odundo zagulidwapo pa mapaundi oposa 200,000 chimodzi, ndipo mu 2020 anapatsidwa ulemu wa Dame ku Britain. Chaka cha 2019, pa chionetsero chake ku nyumba yoonetsera zaluso ya Hepworth Wakefield, anapatsidwa ufulu wosankha zinthu zoti ziime pambali pa zoumba zake zoposa 50. Mwa zina anasankha ziwiya zakale za Agiriki, zosema za Barbara Hepworth ndi mbiya za mphunzitsi wake, Ladi Kwali.