Magemu a RPG ndi ife okulira mphepete mwa Kanengo

Mu 2013 achimwene anga aakulu analembedwa ntchito ya nyengo pa fakitale ina ya fodya ku Kanengo. Ntchito zoterezi zimayamba msika wa fodya ukatsegulidwa ndipo zimatha fodya akatha, choncho ndalama yake munthu amaidya mwachangu. Atalandira malipiro achiwiri anabwera kunyumba kwathu ku Area 25 ndi PlayStation 2 yakale mu jumbo, mapadi awiri ndi zimbale zitatu. Ziwiri zinali za mpira ndi ndewu. Chachitatu chinali cha Final Fantasy X, chimene wogulitsayo anangowaikira ngati banyira poti palibe amene ankachifuna.

Memory card analibe. Tinayamba Loweruka m'mawa, ndipo pogona tinasiya makinawo ali oyaka, titaphimba kanyali kake ndi nsalu kuti amayi asaone kuti tikumaliza mayunitsi. Lamulungu madzulo, titadutsa kale mzinda wa Luca, magetsi anathima. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, ndiye tiyambirenso poyamba penipeni?" Iwo anati, "Iwe, ukuona ngati pali njira ina?" Maola pafupifupi 14 anapita choncho.

Tsiku limenelo ndinaphunzira zimene mbiri ya magemuwa inadzanditsimikizira nditakula: gemu ya RPG imafuna malo osungira pamene wafika, nthawi yaitali, ndiponso chinenero chimene ukumva. Amene akufuna kusankha gemu yoti asewere kuno kwathu ayenera kuyambira pa zinthu zitatuzi.

Magemuwa anayambira patebulo. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons. Munthu mmodzi amakhala ngati wonena nthano, ena onse aliyense amatenga munthu wake m'nthanomo, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati lupanga lako lalasa kapena laphonya. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Pa masanje wina ankakhala bambo, wina mayi, wina fisi wodzaba ndiwo, ndipo nkhani inkapita kumene osewera aipititsa. Chimene Gygax ndi Arneson anawonjezera ndi manambala: mphamvu, nzeru, moyo wotsala, ndi kukwera mulingo ukapambana nkhondo.

Mu 1981 manambala aja anatchuka m'makompyuta kudzera mu Wizardry ndi Ultima ya Richard Garriott. Ku Japan, Yuji Horii anasewera magemu awiriwa n'kuwafewetsa kuti ngakhale mwana athe kuwamva. Zotsatira zake zinali Dragon Quest ya mu 1986, imene zithunzi zake anajambula Akira Toriyama, yemwe uja wa Dragon Ball amene tinkaonera m'mavidiyo shoo. Vuto losunga linalipo kuyambira pomwepo. Wosewera Dragon Quest yoyamba ku Japan ankalemba papepala zilembo 20 zachinsinsi, ndipo akaphonya chimodzi ulendo wonse unkatayika. Final Fantasy ya Hironobu Sakaguchi, ya mu 1987, inabwera ndi kabatire m'kati mwa katiriji kosungira ulendo. Pofika nthawi ya Final Fantasy VII mu 1997, nkhani inali itatalika mpaka kudzaza zimbale zitatu, ndipo kusunga kunasamukira pa memory card yogula payokha. Imeneyo ndiyo tinalibe ife.

Kuchokera pamenepo mitsinje inakhala iwiri. Wa ku Japan umakupatsa munthu wopangidwa kale ndi nkhani yolembedwa kale, iwe n'kumayenda nayo mpaka kumapeto. Wa ku America ndi ku Ulaya, umene muli Fallout ya mu 1997, Baldur's Gate ya mu 1998 ndi mndandanda wa The Elder Scrolls, umakuuza kuti upange wekha munthu wako ndipo usenze zotsatira za zosankha zako. Woyamba mphamvu yake ndi anthu amene umawakonda ngati abale, koma umakumanga manja. Wachiwiri umakumasula, koma kawirikawiri nkhani yake imamwazika.

Nanga n'chifukwa chiyani mitsinje yonse iwiri inatilambalala ife a ku Area 25, Mgona, Kawale ndi Chinsapo? Ambirife PlayStation tinaidziwira m'tizipinda ta pafupi ndi msika, momwe unkalipira ndalama ya gemu imodzi, wogonja n'kupereka padi kwa wotsatira. Malonda oterewa amayenda ndi FIFA, Mortal Kombat ndi Tekken, chifukwa mphindi zochepa zimakwana kuti wopambana adziwike ndipo oonera amasangalala nawo. Mwini malo sangalole mnyamata mmodzi kukhala pa TV maola 40 akuwerenga Chingerezi pamene ena ali pamzere ndi ndalama m'manja. Mafilimu anapeza njira, poti anyamata omasulira ankawaika mawu a Chichewa. Gemu siimasulirika choncho, chifukwa mawu ake amasintha malinga ndi zimene wosewera wasankha. RPG inadzatipeza mochedwa, pamene malaputopu akaunjika ndi mafoni a Android anafika m'manja mwa ophunzira.

Tsopano ndifike pa funso limene anzanga a pasukulu amandifunsa: tiyambe ndi iti?

Chrono Trigger, ya mu 1995, ndiyo ndimaika patsogolo. Horii, Sakaguchi ndi Toriyama anaigwirira limodzi. Umayenda m'nthawi, kuchokera m'chaka cha 1000 kubwerera ku 600, kenako kudumphira ku 2300, ndipo chimene wakonza kale chimaoneka m'tsogolo. Imatha m'maola opitirira pang'ono 20, ili ndi mathero oposa 10, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo ilipo ya pafoni. Nkhondo zake zimakupatsa mpata woganiza. Chofooka chake n'chakuti zithunzi ndi zakale, Crono mwiniwake salankhula, ndipo m'mapanga umasunga pamalo oikika okha. Koma foni ili ndi batire, choncho magetsi akathima ulendo umapitirira.

The Elder Scrolls V: Skyrim inatuluka pa 11 November 2011, ndipo yoyambayo inkangofuna malo okwana 6 GB. Laputopu yapakatikati imaikwanitsa ukatsitsa zithunzi. Umasunga pafupifupi paliponse ndi batani limodzi, chinthu chimene ndinachiyamikira kwambiri mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, mdima n'kukhala wa tsiku ndi tsiku. Ufulu wake ndi waukulu: ukhoza kusiya zinjoka n'kukhala wosula zitsulo, mlenje kapena wakuba. Koma nkhani yake yaikulu ndi yozizira, kumenya kwake kumangokhala kugwedeza lupanga, ndipo ili ndi zolakwika zambiri. Choopsa china n'chakuti ilibe polekezera. Ine inandidyera sabata yowerengera mayeso m'chaka changa choyamba, ndipo phunziro limodzi ndinalembanso.

The Witcher 3, ya mu 2015, inapangidwa ndi CD Projekt Red ku Poland kuchokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski. Pa kalembedwe imaposa ziwiri zija. Nkhani ya Bloody Baron, bambo woledzera amene nkhanza zake zinathawitsa mkazi ndi mwana wake wamkazi, aliyense wokulira m'nyumba zogundizana za lendi adzaizindikira. Gemuyi siikuuza kuti chosankha chabwino ndi chiti, ndipo zotsatira zimabwera patapita maola, utaiwala kale. Zofooka zake kwa ife ndi zitatu. Imafuna kompyuta yamphamvu, Chingerezi chake n'chakuya ndiponso chodzaza zining'a, ndipo ili ndi zithunzi zoti simungasewere pabalaza amayi ali pompo.

Dark Souls, ya mu 2011, ambiri amaitama chifukwa cha kuvuta kwake, ndipo kupambana mdani amene wakupha kakhumi kumakomadi. Imasunga yokha pafupipafupi. Koma ilibe batani loimitsira. Mukaitanidwa kuti mukatunge madzi kapena mukagule makala, adani sakudikirani. Ndimaisiyira okhala okha. Baldur's Gate 3 ya Larian Studios ya ku Belgium, imene inatuluka mu 2023, ndiyo yafika pafupi kwambiri ndi tebulo la Gygax lija, poti madayisi umachita kuwaona akugubuduka. Koma imafuna malo okwana 150 GB, ndipo aliyense wogula bando ya pa sabata akudziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Ku mbali inayo kuli Undertale ya Toby Fox, ya mu 2015, yongofuna 200 MB, imene ukhoza kuimaliza osapha aliyense. Ndi yaifupi, ndipo nthabwala zake zina zimadalira Chingerezi, koma imayenda ngakhale pa laputopu yotopa.

Yomaliza ndi Aurion: Legacy of the Kori-Odan, imene Kiro'o Games ya Olivier Madiba inapanga ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, n'kuitulutsa mu 2016. Enzo Kori-Odan amalandidwa ufumu wa Zama ndi mlamu wake pa tsiku la ukwati wake ndi Erine, ndipo awiriwo amayenda limodzi kufunafuna mphamvu ya makolo. Siyosalala ngati enawa. Kudumpha kwake kumakwiyitsa ndipo zokambirana zina n'zotalika. Komabe ndimailimbikitsa, chifukwa opanga ake ankalimbana ndi kuthima kwa magetsi ngati ife tomwe, ndipo ndi gemu yoyamba imene ndinaona mkangano wa pachilamu ndi mizimu ya makolo zili pakati penipeni pa nkhani.

Mwachidule, wa foni yokha ayambe ndi Chrono Trigger. Wa laputopu yofooka atenge Undertale, kenako Skyrim pa holide. Amene ali ndi kompyuta yabwino ndi chipinda chakechake apite ku The Witcher 3. Aurion aliyense aiyese, makamaka anzanga ophunzira zamakompyuta amene amati zoterezi sizingapangidwe ku Africa kuno.

Achimwene anadzagula memory card ya 8 MB mwezi wotsatira, ndipo Final Fantasy X tinaimaliza nyengo ya fodya itatha, iwo ali pa ulova. Ine ndinkawerenga mawu a pa TV mokweza n'kumamasulira m'Chichewa, iwo atagwira padi. Pamene Tidus ankasiyana ndi Yuna kumapeto, anandiuza kuti ndisiye kumasulira, amva okha. Kakhadi kaja ndikusungabe m'kabati, ngakhale makina ake anapsa kalekale.