Phase noise mu ma oscillator

Phase noise ndi chisokonezo chimene chimapezeka m'mafunde a magetsi opangidwa ndi chipangizo chotchedwa oscillator. Ntchito ya oscillator ndi kutulutsa mafunde obwerezabwereza pa liwiro lokhazikika, lotchedwa frequency. Chipangizochi chili mu foni, wailesi, radar, setilaiti ndi kompyuta. Oscillator ikanakhala yangwiro, funde lililonse likanafika pa nthawi yake ndendende. Koma sizitero: funde lina limafulumirako pang'ono, lina limachedwako, mosatsata dongosolo. Kusinthasintha kumeneku ndiko phase noise, ndipo kukayezedwa ndi nthawi kumatchedwa jitter. Vutoli silingatheretu koma lingachepetsedwe, ndipo limakula frequency ikamakwera.

Kayezedwe

Chifukwa cha chisokonezochi, mphamvu ya mafunde sikhala pa frequency imodzi yokha. Ina imatayikira m'mbali mwake. Muyezo wake ndi dBc/Hz, umene umayerekeza mphamvu ya chisokonezo mkati mwa 1 Hz ndi mphamvu ya funde lalikulu, pa mtunda wotchulidwa kuchokera pa fundelo. Mwachitsanzo, -100 dBc/Hz pa 10 kHz zikutanthauza kuti pa mtunda umenewo chisokonezo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 biliyoni a mphamvu ya funde lalikulu. Oscillator ya -120 dBc/Hz ili ndi chisokonezo chochepa maulendo 100 poyerekeza ndi ya -100 dBc/Hz.

Mavuto amene imabweretsa

Mu wailesi kapena foni, mafunde olandiridwa amasakanizidwa ndi a oscillator ya mkati. Ngati oscillator ili ndi phase noise yambiri, mafunde amphamvu a siteshoni yoyandikana amafalikira n'kuphimba mafunde ofooka amene akufunidwa. Pa Wi-Fi, 4G ndi 5G uthenga umanyamulidwa mu kukula ndi mu phase ya funde. Njira ya 256-QAM imasiyanitsa zizindikiro 256 zoyandikana kwambiri, choncho phase ikagwedezeka pang'ono chizindikiro chimawerengedwa molakwika ndipo intaneti imayenda pang'onopang'ono. Pa radar ya galimoto ya 77 GHz, chisokonezo chobwera ndi mafunde ochokera ku chinthu chachikulu monga lole chingabise chinthu chaching'ono chimene chili pafupi nacho.

Gwero lake

Gwero loyamba ndi kutentha, kumene kumachititsa ma electron kuyendayenda mwachisawawa mu resistor ndi mu waya. John B. Johnson anayeza zimenezi ku Bell Labs, ndipo Harry Nyquist anazifotokoza ndi masamu. Onse anasindikiza ntchito zawo mu 1928. Pa kutentha kwa 290 K chisokonezochi ndi -174 dBm/Hz. Gwero lachiwiri ndi flicker noise ya mu transistor, imene imaonekera kwambiri pafupi ndi funde lalikulu. Zina zimachokera kunja: magetsi osakhazikika, kugwedezeka kwa chipangizo ndi mafunde a zipangizo zoyandikana.

Mu 1966 David B. Leeson anasindikiza lamulo la masamu losonyeza kuti phase noise imadalira ubwino wa resonator, mphamvu ya mafunde, chisokonezo cha transistor ndi frequency. Mu 1998 Ali Hajimiri ndi Thomas Lee a ku Stanford University anaonetsa kuti nthawi imene chisokonezo chalowa nayonso ndi yofunika. Chikalowa funde lili pachimake, chimasintha makamaka kukula kwake. Chikalowa funde likudutsa pa ziro, chimasintha phase.

Njira zochepetsera

Njira yaikulu ndi kusankha resonator yabwino. Resonator ndi gawo limene limasankha frequency, ndipo ubwino wake umayezedwa ndi nambala yotchedwa Q. Ya Q yokwera ili ngati belu labwino limene likamenyedwa limalira nthawi yaitali ndi liwu limodzi. Ya Q yotsika ili ngati chitini chimene chimalira kamodzi n'kusiya. Malinga ndi lamulo la Leeson, Q ikachulukitsidwa kawiri chisokonezo cha pafupi ndi funde lalikulu chimatsika ndi 6 dB. Ma coil opangidwa pa chip ya silicon amakhala ndi Q ya pafupifupi 10 mpaka 20, pamene ya mwala wa quartz imaposa 10,000 ndipo ina imafika 1,000,000. Oscillator ya quartz yoyamba inapangidwa ndi Walter Cady mu 1921. Pa ma GHz angapo pamagwiritsidwa ntchito dielectric resonator, YIG kapena sapphire.

Njira yachiwiri ndi kukweza mphamvu ya mafunde. Ikachulukitsidwa kawiri, chisokonezo chimatsika ndi 3 dB. Koma batire limatha msanga, ndipo transistor ikakakamizidwa mopitirira muyezo imayamba kuwonjezera chisokonezo chake.

Mtundu wa transistor ulinso ndi gawo. Ma bipolar a silicon ndi a SiGe amakhala ndi flicker noise yochepa kusiyana ndi ma MOSFET kapena ma FET a GaAs. Kalumikizidwe ka Colpitts kamathandizanso chifukwa transistor imatulutsa magetsi mwachidule pamene funde lili pafupi ndi pachimake.

Mu oscillator yosinthika frequency, yotchedwa VCO, chisokonezo chilichonse pa waya wolamulira varactor chimasanduka phase noise. Choncho akatswiri amasefa wayayo, amachepetsa gawo limene varactor imasintha, n'kugwiritsa ntchito ma capacitor oyatsa ndi kuzimitsa pa kusintha kwakukulu. Magetsi olowa amadutsa mu regulator ya chisokonezo chochepa, ndipo oscillator imatsekeredwa m'kabokosi kachitsulo. Quartz yofunika kukhazikika kwambiri imaikidwa m'kauvuni kosunga kutentha kumodzi, ndipo yotere imatchedwa OCXO.

Ma frequency okwera

Quartz siingapange yokha mafunde a ma GHz ambiri, choncho frequency yake imachulukitsidwa. Koma chisokonezo chimachulukanso: kuchulukitsa ka 10 kumawonjezera 20 dB. Kuchoka pa 10 MHz kufika pa 10 GHz ndi kuchulukitsa ka 1,000, ndipo kumawonjezera 60 dB ngakhale zipangizo zonse zitakhala zangwiro.

Mafoni ndi mawailesi ambiri amagwiritsa ntchito phase-locked loop, mwachidule PLL, imene imamangirira VCO ku quartz. Pafupi ndi funde lalikulu, chisokonezo chimatsata quartz ndi zigawo za PLL; patali chimatsata VCO. Malire a fyuluta ya PLL amaikidwa pafupi ndi pamene zisokonezo ziwirizi zimafanana kukula. Njira ina ndi optoelectronic oscillator, imene X. Steve Yao ndi Lute Maleki a ku Jet Propulsion Laboratory ku America anaifotokoza mu 1996. Imeneyi imasunga mafunde ngati kuwala mu fibre yaitali, ndipo imapereka Q yokwera kwambiri ngakhale pa ma GHz ambiri.