William Bradford: Mwana Wamasiye Amene Anawoloka Nyanja

1. Ubwana wake

William Bradford anabadwa mu 1590 m'mudzi wa Austerfield, m'chigawo cha Yorkshire, ku England. Makolo ake anali alimi. Anali ndi minda komanso ziweto, ndipo pakhomo pawo sankagona ndi njala.

Koma maliro sanachedwe kulowa m'banjamo. Bambo ake anamwalira mu 1591, William akadali khanda. Mayi ake, a Alice, atakwatiwanso, mwanayo anapita kukakhala kwa agogo ake aamuna. Sipanapite nthawi, agogowo anamwalira. Mu 1597 mayi akenso anamwalira. William anatsala wamasiye ali ndi zaka 7.

Abale a bambo ake anamutenga kuti aziwathandiza ntchito zakumunda. Koma mnyamatayo ankadwaladwala, moti ntchito zolemetsa zinkamukanika. Anzake akapita kumunda, iye ankatsala pakhomo n'kumawerenga. Buku limene ankalikonda kwambiri linali Baibulo.

2. Kupemphera mobisa

Masiku amenewo, lamulo linkakakamiza munthu aliyense ku England kupemphera mu mpingo wa boma, umene mutu wake anali mfumu. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende.

Ali ndi zaka pafupifupi 12, William anayamba kupita kumudzi wa Babworth kukamva ulaliki wa mbusa Richard Clyfton. Ankayenda wapansi mtunda wautali. Abale ake anamuletsa, koma iye sanasiye. Kenako anadziwana ndi William Brewster wa m'mudzi wa Scrooby. Brewster ankamubwereka mabuku ndipo ankamusamala ngati mwana wake.

Ku Scrooby kunali gulu la anthu opemphera limene William analowa. Gululi linkakhulupirira kuti mpingo suyenera kulamulidwa ndi mfumu kapena mabishopu. Choncho anapatukana ndi mpingo wa boma n'kuyamba kupemphera mobisa m'nyumba ya Brewster. Boma la Mfumu James litadziwa, linayamba kuwasakasaka. Anthuwo anagwirizana zothawira ku Holland.

Ulendo woyamba, mu 1607, unalephereka. Mwini sitima amene anamulipira kuti awawolotse anawapereka kwa akuluakulu a boma, ndipo anatsekeredwa m'tauni ya Boston, ku England komweko. Atatulutsidwa sanagwe mphwayi. Mu 1608 anafika ku Amsterdam, ku Holland.

3. Moyo wa ku Leiden

Mu 1609 mpingowo unasamukira mumzinda wa Leiden, pamodzi ndi mbusa wawo John Robinson. Kumeneko ankapemphera momasuka, koma moyo unali wowawa. Anthu amene anazolowera kulima anayamba kugwira ntchito zamanja m'tauni. Malipiro anali ochepa. Bradford anaphunzira kuwomba nsalu.

Atakwanitsa zaka 21, analandira chuma chimene makolo ake anamusiyira, n'kugula nyumba. Mu 1613 anakwatira Dorothy May, mtsikana wachingerezi. Anabereka mwana wamwamuna, dzina lake John.

Zaka zitapita, makolo a mumpingomo anayamba kuda nkhawa. Iwo ankakalamba msanga chifukwa cha ntchito yakalavulagaga. Ana awo ankatengera chilankhulo ndi makhalidwe a ku Holland. Panalinso mantha akuti nkhondo ndi dziko la Spain iyambiranso. Ena mwa iwo anatsimikiza mtima zopita ku America. Popeza analibe ndalama, anachita pangano ndi amalonda a ku London. Amalondawo analipira ulendo, ndipo anthuwo analonjeza kuwagwirira ntchito zaka 7.

William ndi Dorothy anaona kuti John ndi wamng'ono kwambiri moti sangapirire ulendowo. Anamusiya ku Holland m'manja mwa ena. Mayi ndi mwana sanaonanenso.

4. Panyanja

Poyamba sitima zinali ziwiri, Speedwell ndi Mayflower. Koma Speedwell inkalowa madzi, ndipo anabwerera nayo kudoko kawiri. Pamapeto pake anaisiya. Mu Seputembala 1620, Mayflower inanyamuka yokha padoko la Plymouth ku England. Inanyamula anthu apaulendo 102. Ena anali a mpingo wa ku Leiden, ena ankangofuna moyo watsopano.

Ulendowo unatenga masiku 66. Anthu anapanikizana m'chipinda chapansi, chamdima ndi chonyowa. Namondwe anawomba mpaka mtanda waukulu wa sitima unang'aluka. Mu Novembala anaona mtunda pamalo otchedwa Cape Cod, kumpoto kwa dera limene ankafuna kupita.

Asanatsike, amuna 41 anasaina pangano lotchedwa Mayflower Compact. Analonjeza kuti azipanga malamulo pamodzi ndi kuwamvera. Bradford anali mmodzi mwa osainawo. Anasankha John Carver kukhala bwanamkubwa wawo.

5. Chimanga cha eni ake

Amuna ena anatsika kukafufuza malo omangapo mudzi. Bradford anapita nawo. Ali m'njira anaona milu ya mchenga youmbidwa ndi manja. Atafukula, anapeza madengu odzaza chimanga, china chachikasu, china chofiira, china chabuluu. Chinali chakudya ndi mbewu za anthu a mtundu wa Nauset, zimene anasungira nyengo yozizira. Alendowo ananyamula chimangacho eni ake kulibe. Anafukulanso manda ena. Analipira chimangacho chaka chotsatira, koma chidani chinali chitabzalidwa kale.

Mu Disembala, Bradford anapitanso kukafufuza malo. Atabwerera kusitima, anamulandira ndi uthenga wamaliro. Dorothy anali atagwa m'sitima n'kumira m'madzi ozizira. M'buku limene Bradford analemba pambuyo pake, za imfa imeneyi anangolemba mawu ochepa, akuti mkazi wake anamwalira atangofika.

6. Nyengo ya maliro

Malo amene anasankha anawatcha Plymouth. Panali mtsinje wa madzi abwino ndi minda yolambula kale. Mindayo inali ya anthu a m'mudzi wa Patuxet. Pakati pa 1616 ndi 1619, mliri umene unabwera ndi sitima za ku Ulaya unapha anthu ambiri m'mbali mwa nyanjayo, ndipo mudziwo unasanduka bwinja. Alendowo anamanga nyumba zawo pabwinja limeneli.

Anafika nyengo yozizira itayamba, alibe nyumba, alibe chakudya chokwanira. Matenda anawagwira. Masiku ena ankamwalira anthu awiri kapena atatu. Panali nthawi imene anthu 6 kapena 7 okha ndiwo anali ndi mphamvu. Amenewa ndiwo ankatola nkhuni, kusonkha moto, kuphika, kuchapa zovala za odwala ndi kuwasambitsa. Brewster anali mmodzi mwa iwo. Bradford nayenso anadwala mwakayakaya, koma anachira.

Pomatha nyengoyo, pafupifupi theka la anthuwo linali litapita kumanda. Mwa amayi 18 amene anakwera Mayflower, anayi okha ndiwo anafika pa nthawi yokolola.

7. Thandizo la eni nthaka

Mu Malichi 1621, munthu wina dzina lake Samoset analowa m'mudzimo n'kuwalonjera m'Chingerezi. Patapita masiku ochepa anabwera ndi mnzake, Tisquantum, amene ambiri amamudziwa kuti Squanto.

Tisquantum anali mbadwa ya Patuxet. Mu 1614 Mngerezi wina, Thomas Hunt, anamugwira pamodzi ndi anzake n'kupita nawo ku Spain kuti akawagulitse ukapolo. Iye anapulumuka, anakhalako ku England, ndipo mu 1619 anabwerera kwawo. Anapeza abale ake atatha ndi mliri uja.

Munthu ameneyu, yemwe Angerezi anamulakwira, ndiye anaphunzitsa Angerezi kulima chimanga. Anawaonetsa nthawi yobzala. Anawaonetsanso kukwirira nsomba paphando kuti zikhale manyowa. Chimanga chimene ife timadya lero chinachokera ku America komweko, ndipo eni nthakawo anali akatswiri pochilima.

Tisquantum anamasuliranso pa zokambirana za alendowo ndi Massasoit, mfumu ya anthu a mtundu wa Wampanoag. Anapangana kuti asachitirane choipa ndipo azithandizana adani akabwera. Massasoit nayenso ankafuna abwenzi, chifukwa mliri unafooketsa anthu ake pamene adani awo, a Narragansett, anali akadali amphamvu.

Mu Epulo 1621 Carver anamwalira, ndipo anthu anasankha Bradford kulowa m'malo mwake. Anali ndi zaka 31. Chaka chomwecho anakolola, n'kuchita phwando la masiku atatu. Massasoit anabwera ndi amuna pafupifupi 90, ndipo anabweretsa agwape asanu.

8. Banja lachiwiri

Mu 1623 sitima yotchedwa Anne inafika ndi anthu ena. Mmodzi mwa iwo anali Alice Southworth, mayi wamasiye amene Bradford ankamudziwa kale. Anakwatirana mu Ogasiti chaka chomwecho. Massasoit anabwera kuukwatiwo ndi anthu ake ambiri.

Alice anali ndi ana aamuna awiri a kwa mwamuna woyamba, Constant ndi Thomas. Anawa anabwera pambuyo pake, ndipo Bradford anawalera. Kenako banjali linabereka ana atatu: William mu 1624, wamkazi Mercy, ndi Joseph mu 1630. John uja, amene anatsala ku Holland, nayenso anawoloka nyanja n'kudzapeza bambo ake. Pakhomopo panakuliranso ana ena amene makolo awo anamwalira. Bradford ankaudziwa umasiye, ndipo sanatsekere amasiye chitseko.

9. Ntchito ya bwanamkubwa

Anthu ankasankha bwanamkubwa chaka ndi chaka. Bradford anasankhidwa mobwerezabwereza, moti analamulira zaka pafupifupi 30.

Vuto loyamba linali njala. Poyamba anthu onse ankalima munda umodzi n'kumagawana zokolola, koma ambiri ankagwira ntchito monyinyirika. Mu 1623 Bradford ndi anzake anagawira banja lililonse munda wakewake. Amayi ndi ana omwe anayamba kupita kumunda mwakufuna kwawo, ndipo chimanga chinachuluka.

Vuto lachiwiri linali ngongole ya amalonda a ku London aja. Anagwirizana kuti awalipire mapaundi 1,800, kuwonjezera pa ngongole zina. Bradford ndi anzake ochepa anasenza ngongoleyo. Ankagula kwa eni nthaka zikopa za nyama ya m'madzi yotchedwa beaver n'kukazigulitsa ku England. Ngongoleyo inatha cha m'ma 1640.

Koma ulamuliro wake unalinso ndi magazi. Mu 1623 msilikali wawo, Myles Standish, anapha amuna angapo a mtundu wa Massachusett pamalo otchedwa Wessagusset, ati chifukwa ankakonza chiwembu. Mutu wa mmodzi, Wituwamat, anaupachika palinga la Plymouth. Mbusa Robinson atamva nkhaniyi ku Leiden, analemba kalata yowadzudzula.

10. Buku lake ndi imfa yake

Mu 1630 Bradford anayamba kulemba mbiri ya mudzi wawo. Bukulo limatchedwa Of Plymouth Plantation. Kumapeto kwake analemba mayina a anthu onse amene anakwera Mayflower, amene anamwalira, ndi ana amene anabadwa kwa otsala. Zambiri zimene tikudziwa za anthu amenewa zinachokera m'buku limeneli.

Atakalamba sanasiye kuphunzira. Anayamba kuphunzira Chiheberi, pofuna kuwerenga yekha Chipangano Chakale m'chilankhulo chimene chinalembedwera. Anamwalira pa 9 Meyi 1657, ku Plymouth. Alice anamwalira mu 1670.

Buku lija linasowa pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa America. Linapezeka mu 1855 m'nyumba yosungira mabuku ya bishopu wa ku London. Linasindikizidwa mu 1856, ndipo mu 1897 linabwezedwa ku Massachusetts.

11. Ana a Bradford ndi ana a Massasoit

John sanasiye ana. William ndi Joseph ndiwo anapitiriza dzina la banja. William anakwatira katatu, akazi awiri oyamba atamwalira, ndipo anabereka ana ambiri. Anadzakhala wachiwiri kwa bwanamkubwa. Lero zidzukulu za Bradford zili ponseponse ku America.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo a ku Plymouth anabwera kudzakhazikika. Sitima zinapitiriza kubweretsa anthu. Minda ya Angerezi inkakula, ng'ombe ndi nkhumba zawo zinkadya mbewu za eni nthaka, ndipo malo a Awampanoag ankacheperachepera.

Mu 1675 nkhondo inabuka. Mtsogoleri wa eni nthaka anali Metacom, mwana wa Massasoit, amene Angerezi ankamutcha King Philip. Mmodzi mwa atsogoleri a asilikali a Plymouth anali William, mwana wa Bradford. Iye anavulala ndi chipolopolo pa nkhondoyo. Ana a amuna awiri amene anadyera pamodzi paphwando lija tsopano anali adani.

Anthu ambiri anafa mbali zonse, koma eni nthaka ndiwo anawonongeka koposa. Metacom anaphedwa mu Ogasiti 1676, ndipo mutu wake unapachikidwa ku Plymouth kwa zaka zambiri. Mwana wake wamng'ono, mdzukulu wa Massasoit, anagulitsidwa ukapolo kutsidya kwa nyanja.

12. Mbiriyi lero

Chaka chilichonse, Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, anthu a ku America amachita chikondwerero cha Thanksgiving, ndipo ambiri amakumbukira phwando la 1621. Awampanoag akadalipo mpaka lero. Kuyambira mu 1970, eni nthaka ena amasonkhana ku Plymouth pa tsiku lomwelo kulira makolo awo ndi nthaka yawo.

Bradford anali munthu wopirira, wokonda kuwerenga ndi wosamala ana. Izi ndi zoona. Ndi zoonanso kuti banja lake linapulumuka chifukwa cha chimanga ndi nzeru za eni nthaka, ndipo linakula pa malo amene eni ake anataya. Tikamafotokoza mbiri ya banja la Bradford, tizitchulanso banja la Massasoit, chifukwa popanda Massasoit ndi anthu ake, banja la Bradford silikanakhalapo monga lilili lero.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani anthu a ku Scrooby anathawa ku England?
2. Tisquantum anawaphunzitsa chiyani alendo a ku Plymouth?
3. Chinasintha n'chiyani banja lililonse litapatsidwa munda wakewake?
4. Mukuganiza kuti chinathetsa ubwenzi wa Angerezi ndi Awampanoag n'chiyani?
5. Bradford analemba mayina a anthu ake kuti asaiwalike. Lembani mayina a makolo anu, agogo anu ndi mudzi umene anachokera.