Mutasa ndi Makoni: Mayina a Mpando Amene Analowa pa Chitupa

Wochoka ku Mutare kulowera ku Nyanga kapena ku Rusape amangomva mayina awiri, Mutasa ndi Makoni. Ndi a maboma, a mafumu, a andale otchuka, moti n'kosavuta kuganiza kuti onse otchedwa choncho ndi a mimba imodzi. Koma poyamba amenewa anali mayina a mpando, monga Kalonga kapena Undi kwa Achewa: munthu ankalowa dzina akalongedwa ufumu, akamwalira wina n'kulilowanso. Tendai, amene ankalamula Amanyika ali paphiri la Bingaguru, anali Mutasa wotere pamene anapangana pangano ndi Archibald Colquhoun wa kampani ya Cecil Rhodes mu Seputembala 1890. Patatha miyezi iwiri yokha, asilikali a kampaniyo anagwira Paiva de Andrada ndi Gouveia, anthu a Apwitikizi, pamudzi pake pomwepo, ndipo Umtali woyamba, chiyambi cha Mutare, anamangidwa m'dziko lake. Nkhondo yolimbana ndi azungu itabuka mu 1896, Tendai anakhala phee. Mnansi wake Chingaira, amene anali Makoni, anamenya nawo, anagwidwa kumapanga a Gwindingwi n'kuomberedwa.

Chimene chinasandutsa mayina otere kukhala a banja ndi pepala: chitupa, buku la msonkho, kaundula wa kumishoni. Kalaliki ankafuna dzina lachiwiri losasintha kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana, ndipo anthu ankapereka la bambo, la agogo kapena la nyumba yachifumu. Ashona eniake akafuna kudziwa ubale amafunsa mutupo, womwe kwa a nyumba ya Makoni ndi Nyati, chifukwa umenewo ndiwo umaloleza kapena kuletsa ukwati. Amalawi sangadabwe nazo. Kamuzu Banda, Joyce Banda amene dzinalo analipeza kubanja, ndi Rupiah Banda wa ku Zambia, wobadwira ku Gwanda mu 1937, onse analamulapo dziko, koma palibe amene amawaika pabwalo limodzi la maliro ngati abale.

Ena angatsutse kuti ngakhale magazi atasiyana, dzina lalikulu limatsegula zitseko, ndipo kudera kumene mafumu akulemekezedwabe limakokanso mavoti. Ulemu ulipodi, sitingaukane. Koma mbiri ya andale awiri otchuka kwambiri a mayinawa ikusonyeza kuti chinkawakweza ndi kuwatsitsa chinali china. Didymus Mutasa anabadwira ku Rusape mu 1935, m'dziko la Makoni, ndipo uphungu wake anaupeza komweko, ku Makoni North ndi ku Headlands, osati m'boma la dzina lake. Chinamutchukitsa ndi famu ya Cold Comfort, ndende ya boma la azungu la Smith ndi chipani, mpaka anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 1980 kufika 1990. ZANU-PF itamuchotsa mu 2015, dzinalo silinamubwezere mpando. Simba Makoni, amene anali nduna ya zachuma kuyambira 2000 mpaka 2002, anatuluka m'chipani chomwecho n'kupikisana ndi Robert Mugabe ndi Morgan Tsvangirai mu 2008. Anali ndi dzina la mfumu imene ana asukulu amaiphunzira ngati ngwazi ya Chimurenga choyamba, nkhondo ya 1896 ija, koma anapeza mavoti pafupifupi 8 pa 100 alionse.