Njinga za m'mapiri ndi tinjira ta ku Nsefu

Ikafika Okutobala, dothi lakuda la m'madambo a ku Nsefu, m'chigwa cha Luangwa, limauma gwa. Mapazi amene njovu zinaponda m'matope a dzinja amasanduka maenje olimba, ndipo wopalasa njinga akalowamo mosasamala, sipoko imaduka kapena limu imapindika. Kutentha kumapitirira madigiri 40, akashembe nawo salekerera. Komabe m'tinjira tomweto Akunda, eni dera, amadutsa tsiku ndi tsiku, wina ndi thumba la chimanga kupita kuchigayo, wina ndi wodwala pakeriyala. Kumayiko ena anthu amalipira ndalama zambiri kuti avutike motere, ndipo wopambana amamuveka mendulo.

Masewera a njinga za m'mapiri sanayambe kale kwenikweni. Mu 1976 anyamata a ku Marin County, m'chigawo cha California, anayamba kupikisana potsetsereka phiri pa msewu wafumbi pafupi ndi tauni ya Fairfax. Mpikisanowo unkatchedwa Repack. Njinga zawo zinali zakale, zolemera, za matayala onenepa, zambiri zopangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ndipo buleki yake inali yoponda chambuyo. Pofika pansi girizi wa m'habu ankakhala atapsa, utsi uli tolotolo. Joe Breeze, mmodzi wa iwo, anawotcherera felemu yake yolimbana ndi miyala mu 1977. Gary Fisher ndi Charlie Kelly anayamba kugulitsa njinga zoterezi, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper, imene munthu wamba akanatha kugula m'sitolo. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wovomerezedwa ndi bungwe la UCI unachitikira ku Durango mu 1990, ndipo mu 1996, ku Atlanta, njinga ya m'phiri inalowa m'masewera a Olimpiki.

Koma mipikisano ya mtunda wautali, yokwera mpaka kumene mpweya umachepa, ili ndi mbiri imene munthu wa ku Zambia angaimve msanga. Leadville ndi tauni ya migodi ku Colorado, pamtunda wa mamita oposa 3,000. Mgodi wa Climax utatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ntchito zinatha ndipo anthu anayamba kusamuka. Ken Chlouber, amene ankagwira ntchito pamgodipo, anaganiza zoitana alendo ndi mpikisano wothamanga wapansi wa makilomita 160 mu 1983. Wa njinga unabwera mu 1994, pamtunda womwewo, kudutsa m'nkhalango mpaka pamwamba pa mamita pafupifupi 3,800 kumene mitengo simera. Tauniyo inapezanso mpweya chifukwa cha anthu obwera kudzathedwa mpweya. Aliyense amene anaona Luanshya mgodi utaima akudziwa chimene Chlouber ankathawa.

Ku Africa mipikisano ikuluikulu inafika motsatizana. Mu 2003 kunayamba Tour d'Afrique, ulendo wa miyezi inayi kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, umene njira yake yakhala ikudzera ku Lilongwe, Mchinji ndi Chipata, n'kutsika Great East Road kukaoloka mlatho wa Luangwa. Chaka chotsatira Kevin Vermaak anayambitsa Cape Epic ku South Africa, masiku 8 a mapiri ndi fumbi, opalasa ali awiriawiri. Lamulo lake ndi lakuti awiriwo asatayane. Wamphamvu amadikira mnzake, apo ayi onse alangidwa. Oyamba kupambana, pa njira ya Knysna mpaka Stellenbosch, anali Karl Platt wa ku Germany ndi Mannie Heymans wa ku Namibia.

Kufupi ndi kwathu kuno malo oyenera mpikisano wotere ali kum'mawa kwa chigwa cha Luangwa, kuseri kwa Lundazi, pa mapiri a Viphya ku Malawi. Kumeneko, m'nkhalango ya paini ya Chikangawa imene inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, malo ogona alendo a Luwawa akhala akuchititsa mpikisano wa njinga wothandiza osowa m'nyengo yozizira. Zonse zofunika zilipo: misewu ya odula matabwa, zitunda zazitali, nkhungu ya m'mawa ndi mphepo yozizira yosalola thukuta kuuma.

Nanga Nsefu? Nsefu ili pansi, m'chigwa, mamita ochepa chabe kupitirira 500, ndipo mapiri a Muchinga amangooneka patali kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje. Mbiri yake ndi ya kuyenda pang'onopang'ono. Mu 1950 Norman Carr, mzungu wobadwira ku Chinde ku Mozambique, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti mbali ina ya dziko la Akunda ipatulidwe kukhala yosungiramo nyama, alendo azibwera kudzaona osati kudzawombera, ndipo ndalama zizilowa m'thumba la ulamuliro wa Akunda. Pa nthawi imeneyo, pamene mlendo wolemera ankabwera ndi mfuti, maganizowa anali achilendo. Msasa wa Nsefu, wa nyumba zozungulira, ndiwo wakale kuposa misasa yonse ya alendo oona nyama m'Zambia. Dera limeneli linadzalowa m'paki ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo wotsogolera alendo Robin Pope anatsegulanso msasawo mu 1982.

Carr anaphunzitsa alendo kutsika m'galimoto ndi kuyenda pansi, kutsogolo kuli msilikali wa nyama ndi mfuti. Njinga inalowa pa khomo lomweli. Msasa wa Tafika, kumpoto pang'ono kwa gawo la Nsefu, umatenga alendo pa njinga za magiya madzulo dzuwa likapepa, kudutsa m'minda ndi m'tinjira topita kumudzi wa Mkasanga. Palibe wowerenga nthawi kumeneko, ndipo n'zomveka. Wothamanga amaweramira pa handulo, maso ali pa tayala lakutsogolo. M'chigwa muno maso ayenera kukhala m'tchire, chifukwa njovu ya mwana ikhoza kuima kuseri kwa mitsanya osamveka n'komwe, ndipo njati yokalamba imene yapatuka pagulu sichenjeza. Anthu a kuno amadziwa kuima, kuona kumene mphepo ikuchokera, ndi kudikira ngakhale ola lathunthu kuti nyama zidutse. Luso limeneli palibe mpikisano umene umalipatsa mphotho.

Njinga za eni dera zili ndi mbiri yawoyawo. M'nthawi ya Kenneth Kaunda boma linamanga fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, yopanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero Chipata ndi tauni ya njinga. Kenaka kunabwera Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005 n'kufika ku Zambia posakhalitsa ndi njinga za anthu osamalira odwala m'midzi. Buffalo imalemera makilogalamu oposa 20, kuwirikiza kawiri ya mpikisano, ndipo keriyala yake imanyamula makilogalamu 100. Yodziwika kwambiri ili ndi giya imodzi ndi buleki yoponda chambuyo, ngati imene inkapsa ku Fairfax mu 1976. Anthu a ku California anaithawa buleki imeneyi chifukwa siipirira chitsetso chachitali. Kuno ikukondedwa chifukwa ilibe waya woduka, ndipo wokonza njinga wa pansi pa mtengo ku Mfuwe amaiphwasula n'kuibwezera ndi sipanala imodzi.

Ine ndimakhulupirira kuti miyendo yopambana ku Luwawa, kapenanso kutali kuposa apo, ilipo kale pa msewu wa Mfuwe mpaka Chipata, kumene anyamata amakwera zitunda zotuluka m'chigwa ndi matumba a makala omangidwa kupitirira mutu. Chimene chimawatsekera ndi mtengo wa njinga yopepuka, chisoti, ndalama yolembetsera ndi ya basi yokafika kumene mpikisano uli. Nthawi yokonzekera nayo ndi yaifupi. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, Luangwa amasefukira m'madambo, misasa yambiri ya ku Nsefu imatseka mpaka Meyi, ndipo pa dothi lakuda lija matope amamata pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Miyezi imeneyo njinga imanyamulidwa paphewa.