Fodya ali m'munda, malamulo akusintha

Mwana wanga amakonza mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe. Akuti ntchito imene imamusowetsa tulo ndi yosintha m'kati mwa pulogalamu anthu akuigwiritsabe ntchito, osaizimitsa. Ndinamuuza kuti kuno ku Kasungu zotere tinazionera pa fodya.

Fodya sadikira munthu. Msika ukamatsekedwa, nazale yafesedwa kale kudambo. Mvula ikagwa n'kuwokera, kenaka kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kudinda mabelo pa jeke, basi msika watsegulidwanso. Mwezi woti boma liimitse zonse kuti likonze dongosolo mulibe.

Nthawi ya Kamuzu, lamulo la Special Crops Act linkasungira maesiteti fodya wa bale. Bambo anga anali tenanti. Ankalandira chimanga pangongole, fodya n'kumupereka kwa mwini esiteti pamtengo umene mwiniyo wanena. Mu 1990 boma linalola alimi ang'onoang'ono kulima bale, ndipo tinapanga makalabu. Maesiteti sanatsekedwe ayi. Belo la kalabu ndi la esiteti ankagona pamzere ku msika wa fodya wa ku Kanengo. Ndimakumbukira bambo atagwira pepala la malonda lokhala ndi dzina la kalabu yawo, akuliwerenga kawirikawiri ngati kalata yochokera ku Joni.

Mu 1994 kunabwera ogula apakati. Chinthu chatsopanochi anachilumikiza pa chakale osayang'ana polumikizirapo: tenanti wangongole ankatha kugulitsa fodya usiku kwa munthu wa sikelo, ndipo makalabu ena anagwa ndi ngongole za fetereza. Patapita zaka zochepa ziphaso za ogula apakatiwo zinathetsedwa, koma mavenda alipobe.

Kusintha kumene kunandikhudza ine mwini ndi kwa 2012, pamene boma linavomereza ulimi wa kontrakiti: magawo 80 pa 100 a fodya azigulidwa pa mgwirizano ndi makampani, 20 pa okushoni. Ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma njira ziwirizi zinkayenda pansi pa denga limodzi. Kontrakiti sindiinyoza, imabweretsa fetereza nthawi yake. Koma ena nkhaniyi inatipeza mbande zili kale pa bedi, dzina lathu lisali m'buku la kampani iliyonse. Mabelo a anzathu ankatuluka msanga. Anga anabwezedwa kawiri, ndipo pamene ankagulidwa n'kuti ndikuthirira nazale ina.